Msuzi wa Kabichi Usakuchititse Manyazi

Maganga, Salima
Loweruka masana

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe utapita ku boma kukalukitsa tsitsi. Ndakhala kuseri kwa nyumba pamthunzi wa mango, kope lako lakale lili pamwendo. Tsamba loyamba ndang'amba chifukwa ndinalakwitsa pawiri, lino ndi lachiwiri. Ukapeza zilembo zokhota usandiseke, ukudziwa kuti sukulu ndinalekera Sitandade 6. Zolankhula pakamwa sindizitha. Mawa ukamakwera minibasi ndidzangoti "uyende bwino", kenako ndidzayang'ana pansi. Ndiye zimene zili mumtima ndaziika muno, ndipo kalatayi uipeza m'chikwama, m'kati mwa poto.

Lachiwiri lija tikutsuka mbale unandifunsa funso, ine osakuyankha. Unati, "Amayi, akuti ku hositelo aliyense amadziphikira yekha, khitchini ndi imodzi. Ndiye ine ndizikaphika kabichi ana a m'tauni akuona?" Unaseka ngati nthabwala, koma maso ako sankaseka. Ine ndinangopitiriza kukwecha poto. Yankho lake ndi kalata ino.

Ukudziwa mmene tilili. Ndiwo imene ungakwanitse tsiku ndi tsiku ku Lilongwe ndi kabichi yemweyo. Ine kabichi sindimuopa. Chimene ndikuopa n'chakuti udzasankha kukhala ndi njala kusiyana n'kuti anzako aone zimene zili mu poto wako. Munthu wanjala sukulu ya unamwino saimaliza, Tadala. Ndikudziwa chifukwa njira imeneyo ndinayendamo ine.

Ndili Sitandade 6 kwathu ku Chitala, amayi anga ankandiikira chinangwa chophika ndi kabichi wotsala dzulo m'kambale kovindikira. Tsiku lina pa buleki mtsikana wina anavundukula kambaleko n'kukuwa kuti, "Bwerani mudzaone, uyu amadyera limodzi ndi mbuzi!" Onse anaseka. Kuyambira tsiku limenelo kambaleko ndinkakabisa pachitsamba m'njira, pobwerera n'kukapeza kali nyerere zokhazokha. M'kalasi ndinkalowa m'mimba mulibe kanthu. Dzuwa likangokwera, zilembo za pa bolodi zinkayamba kuvina. Ndinkasinza, aphunzitsi n'kumati ndine waulesi. Mayeso ndinalephera, kubwereza ndinachita manyazi, sukulu n'kuthera pomwepo. Mtsikana uja dzina lake ndaliiwala. Taganiza, mwana wanga, ndinasiya sukulu chifukwa cha munthu amene lero sindikumukumbuka n'komwe dzina.

Uli Fomu 2, kontena yako ya chakudya inabwerera kunyumba masiku atatu otsatizana isanatsegulidwe. Ndinaona. Ndinataya chakudyacho, ndinatsuka kontenayo, sindinakufunse. Kumeneko kunali kulakwa kwanga, ndipo lero sindikufuna kubwereza. Udye, Tadala. Aone kapena asaone, udye.

Tsopano ndikuuze mmene ndimaphikira msuzi wa kabichi uja. Wakhala ukuumwa moyo wako wonse, koma ine ndinkakuthamangitsa kukhitchini kuti ukawerenge, ndiye sunauonepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chilichonse chimene ndilembe pano ndinachiphunzira nditalakwitsa kaye.

Choyamba, soda asayandikire kabichi. Ndinabwera kuno pa chitengwa ndili wamng'ono kuposa mmene ulili iwe lero. Amayi anga anandipatsa makabichi awiri a kudimba kwawo kuti ndisalowe m'nyumba ya eni chimanjamanja. Sabata yoyamba agogo ako Anaphiri, amayi a bambo ako, anati, "Mtengwa, lero tione dzanja lanu." Ine kabichi ndinali ndisanaphikepo ndekha, kwathu ankaphika ndi akulu anga. Ndinaona anthu akuthira soda mu therere ndi mu chigwada, ndiye ndinati kabichinso ndi masamba. Kufunsa ndinachita manyazi. Ndinathira soda wambiri ndithu, madzi odzaza poto, n'kuvindikira. Nditavundukula, anali phala lachikasu, fungo lake mpaka kwa aneba. Azakhali ako Esinati anasuzumira mu poto, nagwira mphuno, nati, "Achimwene, nyanja yonseyi nsomba zili mbwee, inu kukatitengera Nakabichi?" Dzina linayambira pamenepo. Kudoko, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi, dzina langa lenileni linatayika. Ndikanangofunsa funso limodzi lokha, "Amayi, kuno mumaphika bwanji?" sibwenzi zitatero. Iwe ku koleji ukapanda kumva, ukweze mkono. Akaseka aseke. Namwino wosafunsa amathira soda posayenera, ndipo kumeneko si poto amene amawonongeka, ndi munthu.

Pogula, kabichi umunyamule m'manja kaye. Akhale wolemera ndi wothina, ukamufinya asabonyoke. Ogulitsa amakonda kusadzula masamba akunja obiriwira aja kuti aoneke woyera. Uwauze kuti, "Asiyeni, ndimawafuna." Msuzi wokoma umachokera m'masamba amenewo. Ndipo ukagula umunyamule poonekera. Ine chaka choyamba chija, chifukwa cha dzina lija, ndikagula kabichi ndinkamukulunga m'pepala la pulasitiki, kumufunditsa chitenje, n'kudzera njira ya kuseri kwa tchalitchi kuti amayi a pa thandala poyanikira nsomba asandione. Tsiku lina ndinafika kunyumba n'kupeza Esinati ali pakhonde ndi anzake. Ndinalowetsa mtolowo kuseri kwa migolo, ndikuti ndiutenga akachoka. Anakhala mpaka madzulo, mawa lake anabweranso. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno ukukudziwa. Tsiku lachitatu agogo ako anayamba kufunafuna khoswe wakufa m'nyumba. Anapeza mtolo wanga ukuchucha madzi akuda. Sanandikalipire. Anangounyamula ndi ndodo n'kukautaya kudzala, anthu onse akuona. Chinthu chobisa chimaola, Tadala, ndipo chikaola chimadziulula chokha. Ukasowa sopo, ukadwala, ukalephera mayeso amodzi, munthu wina akakuvutitsa, usakulunge m'pulasitiki. Undiimbire foni. Ndikhoza kusowa mawu, koma ndidzamva.

Ukafika naye, uchotse masamba limodzilimodzi n'kuwatsuka usanadule, chifukwa pakati pa masamba pamabisala mbozi ndi mankhwala a kudimba. Udule mopyapyala, osathamanga. Chapakati cholimba chija usataye. Uchidule tizidutswa ting'onoting'ono, chimenecho ndiye chimayamba kulowa mu poto chifukwa chimachedwa kupsa.

Tsopano za botolo limene ndakuikira m'chikwama, lija ndamanga ndi kansalu pakamwa. Umenewo ndi ufa wa mitu ya usipa, ndipo nkhani yake ndi iyi. Iwe uli ndi zaka zitatu kunabwera mwera woopsa. Mphepo inawomba masabata angapo osaleka, maboti onse ali pamtunda, bambo ako akungosoka maukonde osang'ambika kuti manja asakhale chabe. Mudzi wa asodzi wopanda nsomba umakhala ngati pamaliro. Anthu a kuno akasowa nsomba amati kulibe ndiwo, ngakhale masamba atadzaza dengu. M'nyumba mwathu munatsala thumba la usipa lopanda kanthu, pansi pake mitu yokhayokha ndi zinyenyeswa zimene tinkapatsa nkhuku. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinazikhuthulira mumtondo, ndinasinja, n'kuthira mu kabichi wamadzi ambiri. Fungo lake linali la nsomba ndithu. Koma sindinapete, sindinasefe. Usipa uja unayanikidwa pafupi ndi mchenga. Bambo ako atangomwa kamodzi, mano anati gerere. Anandiyang'ana, nati, "Mayi a Tadala, nsomba mwaipeza ndithu, koma bwanji mwaphikira limodzi ndi doko?" Ndinathawira kuseri kukalira. Iwo ananditsatira mbale ili m'manja, akumwabe, akulavula mchenga. Anati, "Mawa muphikenso, koma doko mulisiye komweko."

Mawa lake ndinapeta mitu ija m'lichero, ndinaikazinga pa chiwaya chopanda mafuta mpaka inanunkhira, ndinasinja, n'kusefa kawiri. Ndi mmene ndimachitira mpaka lero, ndipo ufa umene uli m'botolomo ndasefa katatu chifukwa ndi wako. Anthu amandinena kuti ndimachedwa pa ntchito. Iwenso amakunena choncho, ndinamva aphunzitsi ako akuti umamaliza mayeso pomalizira penipeni. Usasinthe. Kuchipatala kumafunika munthu wosefa kawiri.

Kaphikidwe kake nkosavuta. Mafuta pang'ono, sipuni imodzi yakwana. Anyezi ayambe, afiire pang'ono koma asapserere. Kenako tomato mmodzi kapena awiri, apse mpaka asungunuke. Uthire masipuni awiri a ufa wa usipa, utakase, uike tizidutswa ta chapakati tija. Madzi akhale otentha kale, ozizira amapha fungo. Akabwata uponyemo mpunga wodzaza dzanja limodzi, wosweka uja wa ku Lifuwu umene ndakuikira m'kathumba. Mpunga umenewo anthu amaunyoza, koma ndi umene umalimbitsa msuzi n'kukugwira m'mimba mpaka madzulo. Mpunga ukafewa ndiye uike kabichi, obiriwira poyamba, oyera pambuyo. Usavindikire kwambiri, ndipo usachoke. Kabichi sachedwa. Ukamuluma azimveka pang'ono pa mano, ndiye wapsa. Mchere pomaliza, utalawa, chifukwa usipa uli kale ndi mchere wake. Ukakhala ndi nsinjiro, sipuni imodzi. Ukakhala ndi ndimu, madontho ochepa m'mbale, osati mu poto. Tsabola wa kambuzi ndi mmodzi yekha, wosadula, umuchotse asanaphulike.

Mwera uja usanathe, Abiti Juma a kuseri kwathu anabwera kumpanda. Anati, "Anzathu, nsomba mukuitenga kuti? Wallahi, fungo ili latisowetsa mtendere, ana anga akungoyang'ana kuno." Ine ndinafuna kunama kuti palibe chimene ndaphika. Koma anali ataona kale poto. Ndinawapatsa m'kapu, analawa, kenako anati, "Ndiye Nakabichi ameneyu timamuseka chifukwa chiyani?" Mawa lake anabwera ndi kabichi wawo ndi mitu yawo ya usipa kuti ndiwaonetse. Ndi iwo amene anandiphunzitsa za ndimu. Mpaka lero ndi mnzanga, ndipo nsalu imene ndakulungira poto wako akupatsa ndi iwo. Kukhitchini ya ku hositeloko, wina akasuzumira mu poto wako, usamutembenukire msana. Umupatse alawe. Ana a m'tauni nawonso mwezi ukapita patali amamva njala, kungoti ena amadziwa kuibisa ndi mafuta onunkhira.

Kulakwa kwanga kwakukulu ndasunga pomaliza, chifukwa iwe ulimo. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri agogo ako Anaphiri anadwala kwambiri. Atatuluka m'chipatala, pakamwa panali zilonda, chakudya chilichonse ankabweza. Anawaphikira chambo, anakana. Anawaphera nkhuku, anatembenukira kukhoma. Ine ndinaphika msuzi uja, ndinausefa kuti ukhale wopanda zotafuna, ndinauziziritsa. Koma kulowa nawo m'chipinda mwawo ndinalephera. Ndinkaopa kuti anena kuti, "Ndikufa, inu mukundipatsa kabichi?" Ndiye ndinapatsa Esinati kuti akapereke. Agogo ako anamwa kapu yonse. Mawa lake anamwanso. Sabata yonse ine ndinkaphika, Esinati n'kumapereka. Sindikuti azakhali ako ananama, ayi. Sanafunsidwe, ndipo sananene.

Lamulungu lake amayi a kutchalitchi anabwera kudzazonda matenda, chipinda chinadzaza. Ine ndinakhala pakhomo penipeni, pafupi ndi nsapato za alendo. Agogo ako anadzuka n'kukhala tsonga, nati, "Ine wandidzutsa ndi mwana wanga Esinati ndi kamsuzi kake. Mwana wobereka wekha ndi wobereka wekha." Amayi aja anawomba m'manja. Ine ndinayang'ana pansi, ndikuti zili bwino, chachikulu achira. Pamenepo iwe unaimirira, kadiresi kako kofiira kaja, mano akutsogolo atachoka, n'kunena mokweza kuti, "Bodza! Aphika ndi amayi anga! Ine ndimawaona, amasefa kawiri!"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinakukoka mkono, kunja ndinakukalipira kuti mwana salankhula pa akuluakulu, ndinakutsinanso khutu. Ukukumbuka? Tadala, pa zolakwa zanga zonse, chimenechi ndiye chimandiwawa. Unanena zoona, unaimirira mayi ako pamene mayi ako analephera kudziimirira, ine n'kukulanga. Ndikuganiza kuti manyazi amene uli nawo lero ndinakupatsa ndine tsiku limenelo, sunabadwe nawo. Undikhululukire.

Alendo atapita agogo ako anandiitana. Ndinagwada pakhomo. Anati, "Lowani, mayi. Zaka zonsezi mukhalira pakhomo ngati mlendo?" Ndinalowa. Anati, "Nakabichi, kamsuzi kaja mawa mubweretse nokha." Dzina ndi lomwe lija, koma mmene analitchulira tsiku limenelo linali lina. Anakhala zaka zina zinayi, ndipo ukudziwa wekha kuti mwera ukayamba ankatumiza uthenga kuti poto wa mpongozi wawo akhale pamoto.

Kamtsikana ka diresi lofiira kaja sikanafe, Tadala. Ndinakaona tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, ukuthamanga kuchokera kumsewu nsapato zili m'manja. Ndinakaonanso pamene amalume ako ananena kuti unamwino ndi ntchito yotola zonyansa, iwe n'kuwayankha mwaulemu kuti, "Amalume, inunso tsiku lina mudzafuna wotola." Kamtsikana kameneko ndi kamene ndikukatumiza ku Lilongwe. Upite nako kukhitchini ya ku hositelo, kaike poto pamoto masana anthu onse akuona.

Usaganize kuti ndikukuuza zimene ine sindingachite. Lero m'mawa ndinapita kudoko kukatenga usipa woti ndikuikire. Pa thandala panali amayi ambiri, ogula ochokera ku Lilongwe analiponso ndi madengu awo. Esinati atandiona anakuwa, mwa nthabwala zake zija, "Paseni njira, akubwera amake a adokotala! Ndani ankadziwa kuti mwana wa Nakabichi angapite ku koleji?" Anthu anaseka. Masiku onse ndikanamwetulira n'kuyang'ana pansi. Koma ndinakumbukira funso lako la Lachiwiri. Ndinatula beseni pansi n'kunena kuti, "Eya, alamu, ndi wa Nakabichi yemweyo. Wakulira kabichi, wakhozera kabichi, ndipo jakisoni wanu adzakubayani ndi kabichi yemweyo." Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira. Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi pamchenga, Abiti Juma analuluta. Esinati anaseka nawo, kenako anatapa usipa wodzaza manja awiri n'kuwonjezera m'beseni mwanga, nati, "Uyu ndi wa mwana wathu, mitu yake musataye." Bambo ako anamva nkhaniyi asanafike n'komwe kunyumba. Alowa akundiyang'ana ngati mkazi wachilendo.

Zanditengera zaka zonsezi kuti ndilankhule kamodzi. Iwe usadikire choncho.

M'chikwama muli poto wamng'ono, mpeni wanga wa chigwiriro chamtengo, mpunga, nsinjiro za ku Chitala zochokera kwa agogo ako akuchikazi, usipa ndi botolo lija. Botololo uzitseka bwino, chinyezi chisalowe, ndipo sipuni yolowamo ikhale youma. Likatsala pang'ono undiuze msanga, usadikire kuti lithe. Kabichi sindinakuikire. Ameneyo ukagule wekha, ukamunyamule m'manja poyera kuchokera kumsika mpaka ku hositelo.

Upemphere, uwerenge, ufunse, udye. Ndabwereza za kudyazi kambiri, ndikudziwa, koma ndibwerezanso: udye, mwana wanga. Tsiku loyamba kuphika msuziwu undiimbire, undiuze kuti analawa ndani.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukubwera ukuseka ndi anzako. Ndilekere pano kuti ndipinde pepalali usanalowe. Ndimakunyadira kwambiri, Tadala. Pakamwa mawa zikandikanika, udziwe kuti ndalemba, ndipo ndawerenga kawiri, palibe cholakwika.

Ndine mayi ako,
Nakabichi